Kuchepa kwa magazi m'thupi: mafunso ndi mayankho

Akati munthu wachepa magazi, chachepa kwenikweni n'chiyani?

Chimachepa ndi hemoglobini, chinthu chimene chili m'maselo ofiira a magazi ndipo chimanyamula mpweya wa okosijeni kupita nawo thupi lonse. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwamuna wachepa magazi ngati hemoglobini yake siikufika magalamu 13 pa desilita (mamililita 100) ya magazi, pomwe kwa mkazi wosayembekezera malire ake ndi 12. N'chifukwa chake wodwalayo amatopa msanga, amachita chizungulire ndi befu, mtima n'kumagunda mothamanga.

Nanga chimayambitsa n'chiyani?

Njira zake ndi zitatu. Thupi likhoza kulephera kupanga maselo okwanira chifukwa chosowa ayironi, folic acid (mtundu wa vitamini) kapena vitamini B12, kapenanso chifukwa cha matenda a impso. Magazi akhoza kumatayika: msambo wochuluka, zilonda zam'mimba, likodzo, njoka zam'mimba zoyamwa magazi. Apo ayi maselo amawonongeka nthawi yake isanakwane. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, koma malungo ndi sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo) zimalifupikitsira moyo.

Kodi kuyang'ana m'maso ndi m'zikhato sikokwanira?

Ayi. Kuyera kwa m'kati mwa zikope kumangopereka chithunzi. Magazi ayezedwe, ndipo dokotala asalekere pa nambalayo. Kuchepa magazi ndi chizindikiro chabe, mwini nkhani amakhala wabisala kwina. Bambo wachikulire amene ayironi wamuthera ayenera kufufuzidwa ngati sakutaya magazi m'matumbo, poti nthawi zina gwero lake ndi khansa. Kungomupatsa mapilisi n'kumubweza kunyumba ndi kutunga madzi ndi dengu.

Mapilisi a ayironi amamwedwa bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu akamva kupepukidwa pakatha milungu iwiri kapena itatu, amasiya. Lamulo lake ndi kupitiriza kwa miyezi itatu hemoglobini itabwerera kale m'malo mwake, kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi idzadzenso. Musamwere tiyi kapena mkaka chifukwa zimatchinga ayironi kulowa m'thupi, pomwe vitamini C amathandiza. Chimbudzi chikada musaope, ndi mapilisiwo. Nseru ndi kudzimbidwa nazo zimachitika, koma kawuzeni achipatala m'malo mosiya nokha. Mayi woyembekezera amalangizidwa kumwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi mamaikologalamu 400 a folic acid tsiku lililonse.

Kuthiridwa magazi kumafunika liti?

Kwa akuluakulu, kawirikawiri hemoglobini ikatsika pansi pa magalamu 7 pa desilita, kapena ngati magazi akutayika kwambiri.

Namwino kapena wodwazika matenda asamale chiyani?

Wodwala azidzuka pang'onopang'ono kuti asagwe, ndipo azipuma pakati pa ntchito. Pothira magazi, namwino amatsimikiza kaye dzina ndi gulu la magazi, kenako amakhala pafupi mphindi 15 zoyambirira. Wodwala akayamba kunjenjemera, kutentha thupi kapena kubanika, magaziwo amayimitsidwa nthawi yomweyo. Kunyumba, mapilisi a ayironi abisidwe patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.