Mendulo ili m'kabati koma pa DD 214 sinalembedwe, nde mutani?

Pa ntchito yathuyi yothandiza asilikali opuma aku America ndi mapepala awo, funso ili limabwerabwera, ndipo masiku ano likumachokeranso kwa a kwathu, poti ana a Amalawi ndi a ku Zambia amene anakulira kuno ena analowa Army, ena Navy, ngakhale wa green card, chilolezo chokhazikika ku America, amaloledwa kulowa usilikali. Munthu watumikira zaka zake, watuluka, wapatsidwa pepala lija amati DD Form 214, losonyeza kuti watuluka usilikali ndi mmene anatumikirira, walipinda waliika mu envelopu osaliwerenga bwinobwino chifukwa tsiku limenelo mtima uli kunyumba basi. Patapita zaka, mwina akufunsira ntchito ya boma kapena akulembetsa ku VA, nthambi ya boma yoona za asilikali opuma, ndi pomwe amazindikira kuti mendulo imene anavekedwa pamaso pa anzake onse sinalembedwepo.

Chimene ndimafuna muchimvetse kaye ndi ichi, kwa boma la America chitsulo chili m'kabaticho si umboni. Mamendulo ambiri amagulitsidwa m'mashopu komanso pa intaneti, aliyense atha kugula. Chimene amachiwerengera ndi pepala, ndipo pepala lalikulu ndi DD 214 yo, imene akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 1950. Itengeni muyang'ane bokosi nambala 13, mmenemo ndi mmene amandandalika mamendulo, mabaji ndi maliboni onse, ndipo malo akachepa amapitiriza mu bokosi 18 la Remarks, nde musathamangire kudandaula musanawerenge mmunsimo, kambiri timapeza kuti chinthu chilipo koma chinangolembedwa mwachidule ngati ARCOM (Army Commendation Medal) kapena NAM (Navy Achievement Medal) munthu osachizindikira. Pa mafomu ena, monga akale a nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, nambala ya bokosi ndi ina koma mutu wake ndi womwewo.

Zimasowa bwanji? Nthawi zambiri palibe amene anachita dala. Kalaliki amene amalemba DD 214 amangokopera zimene zili mu failo yanu tsiku limenelo. Ngati bwana wanu anakulemberani mendulo ya kumapeto kwa ntchito koma chilolezo chake chinatuluka inu mutapita kale, siilowa. Mamendulo a gulu lonse, ngati Presidential Unit Citation kapena Meritorious Unit Commendation, amatha kuvomerezedwa patadutsa zaka gulu litabwerako kunkhondo, anthu atabalalika kale. Enanso anachita kukhazikitsidwa mochedwa koma amabwerera mmbuyo, Combat Action Badge inayamba 2005 koma imakhudza zochitika kuyambira pa 18 September 2001, Korea Defense Service Medal inabwera 2002 koma imafika mpaka kwa amene anatumikira ku Korea kuyambira pa 28 July 1954. Ndipo kwa agogo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1947 kunagamulidwa kuti amene analandira Combat Infantryman Badge kapena Combat Medical Badge pa nkhondoyo akuyeneranso Bronze Star, koma ambiri anali atavula kale yunifolomu ndipo anamwalira asakudziwa.

Ena amati aaa zisiyeni, ndi kansalu chabe. Ine sindigwirizana nazo. Purple Heart, mendulo ya ovulazidwa ndi adani, ikalembedwa imakuikani mu Priority Group 3, limodzi mwa magulu oyambirira, pa chithandizo cha chipatala cha VA, imakupatsani mapointi 10 pofunsira ntchito za boma la federal, ndipo amene anailandira pa zochitika za kuyambira 11 September 2001 amapeza Post-9/11 GI Bill, chithandizo cholipirira maphunziro, yonse yathunthu posatengera kuti anatumikira miyezi ingati. Baji yosonyeza kuti munalidi pa nkhondo imathandiza kwambiri pa kleimu ya PTSD, matenda a m'maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zimene munakumana nazo, chifukwa a VA akaiona savutanso kukhulupirira zimene mukufotokoza kuti zinakuchitikirani. Ndiye pali mwala wa pamanda umene VA imapereka, salembapo mendulo imene ilibe umboni, ndipo zimawawa banja likazindikira zimenezi maliro ali mkati.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, ndipo ndikhalapo pang'ono. Pali nkhani ziwiri zosiyana zimene zimaoneka ngati imodzi. Yoyamba ndi yoti mendulo munapatsidwadi, ma orders ake, chikalata cha likulu chovomereza menduloyo, anatuluka, koma sinakoperedwe pa DD 214. Yachiwiri ndi yoti munachita chinthu choyenera mendulo, mwina bwana ananenadi kuti ndikulembera, koma palibe chimene chinavomerezedwa. Yoyambayo ndi kukonza cholakwika cha kalaliki. Yachiwiriyo ndi kupempha kuti akupatseni mendulo lero pa zimene zinachitika kalekale, ndipo khomo lake ndi lina, kulemera kwakenso ndi kwina. Mukasakaniza ziwirizi mudikira miyezi yambirimbiri kenako kulandira kalata yoti mwagogoda polakwika.

Pa nkhani yoyamba, chimene mukusaka ndi ma orders. Satifiketi yokongola ija ya mu felemu imathandiza, koma mphamvu yake ili pa kamzere kakang'ono kamene kamakhala mmunsi, kolembedwa nambala ya Permanent Orders ndi deti ndi likulu limene linatulutsa. Ichotseni mu felemu muyang'ane, nthawi zina felemuyo imaphimba ndendende pamenepo. Kwa a Army onaninso DA Form 638, fomu imene bwana analembapo pempho la mendulo, kumapeto kwake kumakhala siginecha ya wovomereza ndi nambala ya orders yomweyo. Mukakhala mulibe chilichonse itanitsani failo yanu yonse, musangopempha DD 214 yokha ayi, nenani kuti mukufuna Official Military Personnel File yathunthu. Amene anatuluka posachedwapa atha kuipeza pa milConnect, akale amalembera ku National Personnel Records Center ku St. Louis, Missouri, pogwiritsa ntchito fomu SF-180 kapena pa webusaiti ya National Archives. Kwa mwini wake ndi abale ake enieni nthawi zambiri ndi zaulere, kupatula mafailo amene apitirira zaka 62 chitulukireni munthu, amenewo amasanduka a archive, aliyense atha kuwapempha koma pamakhala kolipira.

Umboni ukapezeka mumayamba ndi ofesi ya nthambi yanu yoona za mamendulo, a Army ndi Human Resources Command ku Fort Knox, Kentucky. Akakhutira amatulutsa DD Form 215, kapepala kowonjezera kamene kamati pa bokosi 13 onjezani chakutichakuti, nthawi zina amangotulutsa DD 214 yatsopano.

Akakana, kapena akati nkhaniyi yatikulira, mpamene mumapita ku bodi yokonza zolembedwa, pansi pa lamulo la 10 U.S.C. 1552. Nthambi iliyonse ili ndi yake, Army Board for Correction of Military Records, Board for Correction of Naval Records ya a Navy ndi ma Marine, a Air Force ndi Space Force ali ndi yawo, a Coast Guard nawonso. Fomu yake ndi DD Form 149. Chonde musaisokoneze ndi DD Form 293, imeneyo ndi ya amene akufuna kusinthitsa mtundu wa katulukidwe kawo mu usilikali, za mamendulo sizipita kumeneko. Lamulo limati mupemphe pasanathe zaka 3 kuchokera pamene munazindikira cholakwikacho, osati pamene munatuluka, komanso bodi ili ndi mphamvu yokhululuka kuchedwa ngati chilungamo chikufuna choncho, nde musagwe ulesi poti papita zaka 20, ingofotokozani moona chifukwa chimene munachedwera.

Bodi imeneyi ndi ya anthu wamba ogwira ntchito mu nthambiyo, ndipo kawirikawiri simuonana nawo maso ndi maso, amagamula pa zimene zili mu envelopu yanu basi. Iwo sakakufufuzirani. Amayamba ndi maganizo oti zimene boma linalemba ndi zolondola, ndipo udindo wosonyeza kuti panalakwika ndi wanu. Zili ngati mlandu wa malire a munda kwa a mfumu, amene wabwera ndi mboni ndi amene amamvedwa, kulira mokweza sikusuntha malire. Nchifukwa chake ndimawauza anthu kuti pa fomupo asalembe kuti "mundikonzere mamendulo anga onse", lembani dzina lenileni la mendulo, orders nambala yakuti, a deti lakuti, ochokera ku likulu lakuti, mukufuna ilembedwe pa bokosi 13, kenako mapepala a umboni muwapatse manambala ndi kuwatchula mmodzimmodzi. Masamba awiri omveka bwino amaposa masamba 40 a mkwiyo. Tumizani makopi okhaokha, ma orijino asachoke pakhomo. Za nthawi, lamulo limafuna kuti milandu 90 pa 100 iliyonse ithe mkati mwa miyezi 10 ndipo yonse isapitirire miyezi 18, nde konzekerani kudikira, ndipo mukasamuka auzeni keyala yatsopano msanga.

Nkhani yachiwiri ija, ya mendulo imene sinavomerezedwepo, ndiyolemera. Ku Army mamendulo ambiri amafuna kuti pempho lilowe pasanathe zaka 2 chichitikireni chinthucho. Nthawiyo ikadutsa njira imene imatsala ndi ya 10 U.S.C. 1130, pempho limadzera kwa membala wa Congress, nyumba ya malamulo ya America, kaya senator kaya representative wa dera lanu, iyeyo ndi amene amapempha nthambi kuti iunike. Koma dziwani kuti iye sapereka mendulo, amangotsegula chitseko. Simungadzilembere nokha pempho, pamafunika munthu wina amene akuzidziwa bwino zimene zinachitika, pamafunika makalata olumbirira a mboni zimene zinaona ndi maso, ndi ndemanga za mabwana a nthawi imeneyo, kapena umboni woti munayesetsa kuwasaka koma anamwalira kapena sakupezeka. Apa ndi pamene zaka zimapweteka, chaka chilichonse mboni zikuchepa, ndipo amene alipo madeti ayamba kuwasokonekera.

Purple Heart ili payokha. Siidalira kuti bwana anakukondani kapena ayi, mukakwaniritsa zofunika ndi yanu, ndipo zofunikazo ndi zitatu, kuvulala kuchokere kwa adani, bala likhale loti linafunika chithandizo cha dokotala, ndipo chithandizocho chikhale kuti chinalembedwa. Chachitatuchi ndi chimene chimagwetsa anthu. Taganizani mnyamata amene galimoto yawo inaponda bomba ku Iraq, mutu unazungulira, makutu kulira, medic anamupatsa mapilitsi nkumuuza kagone, mawa lake iye poopa kuoneka wofooka anabwerera pa ntchito. Lero mutu sumupatsa mtendere koma mu failo ya chipatala mulibe kanthu. Milandu yotere timaimanga ndi zidutswa, lipoti la gulu la tsiku limenelo, kalata ya medic uja ngati akupezeka, mafunso a zaumoyo aja amayankha pobwerera kwawo, ndi mboni ziwiri zimene zinali pomwepo. Ina imatheka ina imakanika, ndipo munthu ndimamuuziratu zimenezi poyamba pomwe.

Amene mukutsata za bambo kapena agogo, mumva za moto wa pa 12 July 1973 umene unapsereza mafailo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni ku St. Louis kuja, opanda makopi kwina. Anapsa pafupifupi 80 pa 100 a asilikali a Army amene anatuluka pakati pa 1 November 1912 ndi 1 January 1960, ndi pafupifupi 75 pa 100 a Air Force otuluka pakati pa 25 September 1947 ndi 1 January 1964 amene maina awo amabwera pambuyo pa Hubbard mu alifabeti. Kalata yoti failo inapsa isakufooketseni. Mafailo pafupifupi 6.5 miliyoni anapulumutsidwa, ena opserera m'mbali ena onyowa, ndipo mpaka lero pali akatswiri amene amawamatula tsamba ndi tsamba. Palinso zina zimene sizinapse, ma morning report, malipoti a tsiku ndi tsiku a magulu, mapepala a malipiro, zolembedwa za zipatala za usilikali, ndi failo ya ku VA ngati mkuluyo anapemphako chithandizo ali moyo. Mwini wake akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake, ana, makolo kapena abale a bere limodzi atha kupempha mmalo mwake, bola aphatikize satifiketi ya imfa ndi chosonyeza ubale.

Pa ndalama, musalipire munthu wokulonjezani kuti mendulo ituluka. Mabungwe a asilikali opuma ngati DAV, VFW ndi American Legion ali ndi anthu ovomerezeka amene amathandiza ulere, ma county (maboma aang'ono) ambiri alinso ndi ofesala wa asilikali opuma. Loya amafunika nkhani ikavuta, monga bodi ikakana ndipo mukufuna kukasuma ku khoti la federal, kumene malire ake ndi zaka 6. Musanafike kumeneko mutha kupempha bodi iunikenso, koma pokhapokha muli ndi umboni watsopano, kubwereza zomwe zija ndi mawu ena sikusintha kanthu. Ndipo pomwe mukudikira, musalembe pa CV kapena pa fomu yofunsira chithandizo mendulo imene sinatsimikizike, Stolen Valor Act ya 2013 imati ndi mlandu kunamizira mamendulo ena monga Purple Heart, Silver Star kapena mabaji a nkhondo pofuna kupeza ndalama kapena phindu, ndipo ngakhale inu mukunena zoona, kudzitchinjiriza popanda pepala nkovuta.

DD 215 ikafika iwerengeni chilembo ndi chilembo, dzina, nambala ya Social Security, dzina la mendulo, chifukwa nayonso imatha kulakwika. Siigwira ntchito payokha, iphatikizeni ndi DD 214 nthawi zonse, tumizani kopi ku VA kuti asinthe Priority Group yanu ngati ndi Purple Heart, ndipo ngati DD 214 munakailembetsa ku ofesi ya county kalembetseninso iyi. Chitsulo chenichenicho ngati chinatayika kapena simunalandire, pemphani pa SF-180 yomweyo, nthambi yanu ndi imene imatumiza.