Coolant si ya kumayiko ozizira okha

Mukakhala pa Nchalo kapena pa Bangula mumva madalaivala akunena kuti coolant, mankhwala othira m'radiyeta oziziritsa injini, ndi ya kumayiko kogwa chisanu, kuno kotentha madzi a pamjigo akukwana. Poti pabotolo la coolant amalembapo antifreeze, kutanthauza choletsa madzi kuundana, maganizowa adamera mizu. Koma ndi olakwika.

Madzi okha amawira pa madigiri 100. Mukasakaniza theka madzi theka coolant amawira cha pa 107, ndipo chivindikiro cha radiyeta chikamatseka bwino amapitirira 120. Galimoto ya turbo (kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini) yokwera zitunda za ku Thabwa mu Okutobala, katundu ali tho, imafuna mpata umenewo.

Koma nkhani yaikulu ndi mchere. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere. Tangoonani zoyera zimene zimakakamira m'ketulo mwanu. Zomwezo zimatseka timapaipi ta radiyeta, dzimbiri n'kumadya pampu ya madzi. Turbo zambiri zimaziziritsidwanso ndi madzi omwewo. Njira yake ikatsekeka, oilo amapserera mkati, turbo n'kuyamba kulira, kenako utsi.

Zikakuthinani panjira, dikirani injini izizire, thirani madzi akumwa a m'botolo, koma mukafika mukhuthule n'kuthira coolant.