Light Yagami anayamba wapha, chifukwa chake anachipeza pambuyo

Ambiri amene anaonera Death Note amati Light Yagami anali ndi cholinga chabwino, kungoti anasokera panjira. Ine monga mphunzitsi wa za kaganizidwe ka munthu sindivomereza, ndipo umboni wanga uli m'nkhani momwemo.

Nkhaniyi anailemba ndi Tsugumi Ohba, wojambula zithunzi anali Takeshi Obata. Inkatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump ku Japan kuyambira 2003 mpaka 2006, kenako kampani ya Madhouse inaipanga kukhala katuni wa zigawo 37. Light ndi mnyamata wa zaka 17, wokhoza kuposa anzake onse pa mayeso, mwana wa bwana wamkulu wa apolisi, Soichiro Yagami. Kwawo kulibe njala, kulibe nkhanza, palibe amene anamuphera kholo. Tsiku lina akutola kope limene mzimu wa imfa wotchedwa Ryuk unagwetsa dala. Ukalembamo dzina la munthu uku ukuganizira nkhope yake, mtima wa munthuyo umaima pakatha masekondi 40. Ryuk akuti anagwetsa kopelo chifukwa chotopa ndi kukhala chabe. Light naye akuvomera kuti moyo unkamutopetsa chimodzimodzi.

Tsono yang'anani mmene zinthu zinatsatirana. Anthu awiri oyamba, chigawenga chimene chinatsekera ana pasukulu ya mkaka ndi mnyamata wa njinga yamoto amene ankavutitsa mtsikana, Light anawapha pofuna kungoona ngati kopelo likugwiradi ntchito. Nthawi imeneyo analibe dongosolo lililonse lokonza dziko. Atazindikira kuti waphadi anthu, anagwidwa nthumanzi. Maganizo oti dziko laola ndipo iye yekha ndi amene angalitsuke anakhwima pambuyo pake.

Katswiri wina wa ku America, Leon Festinger, anafotokoza zimenezi mu 1957. Zochita za munthu zikatsutsana ndi mmene amadzionera, mumtima mumakhala mkangano wosautsa, ndipo kawirikawiri munthu amasintha maganizo ake m'malo movomereza cholakwa. Light anakula akuuzidwa kuti ndi mwana wabwino, wopanda banga. Panatsala njira ziwiri: avomere kuti ndi wakupha, kapena akhulupirire kuti kuphako ndi ntchito yopatulika. Anasankha yachiwiri. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti siilola kubwerera, chifukwa akasiya lero ndiye kuti onse amene anawapha dzulo anafa chabe. Dzina lililonse limene walemba likumukakamiza kulemba lina.

Pamene pakuonekera poyera kuti nkhani si chilungamo ndi pa Lind L. Tailor. Munthuyu akuonekera pa wailesi yakanema akudzitcha L, wapolisi wofufuza milandu wotchuka padziko lonse, n'kunena kuti zimene akuchita Kira, dzina limene anthu anapatsa wakuphayo, n'zoipa. Light akupsa mtima n'kumupha pomwepo. Sankadziwa kuti Tailor anali mkaidi woweruzidwa kuti aphedwe. M'maso mwake anali wapolisi wosalakwa amene mlandu wake unali kumunyoza basi. Msampha unagwira, pakuti uthengawo unaulutsidwa m'chigawo chimodzi chokha cha Japan chotchedwa Kanto, ndipo L weniweni anadziwa kumene Kira ali. Mnyamata wanzeru chonchi kukodwa mophweka chotero, n'chifukwa chakuti sanazolowere kutsutsidwa.

Kuchokera apo malire a mawu oti "woipa" akungokula. Raye Penber ndi anzake a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, onse 12, akufa chifukwa chomufufuza. Naomi Misora, chibwenzi cha Penber, akufa chifukwa anayandikira choonadi. Katswiri wina wa za kaganizidwe ka munthu, Albert Bandura, analemba zambiri za mmene anthu amazimitsira chikumbumtima: amapatsa choipa dzina lokoma, ndipo wozunzidwayo amamuona ngati chopinga, osati munthu. Misa Amane, mtsikana amene ankakonda Light ndi mtima wonse mpaka kudula zaka za moyo wake kawiri, kwa Light anali chida.

Chigawo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi pamene Light akusiya kopelo mwadala n'kuiwala zonse. Akusanduka mnyamata woona mtima, wokana kugwiritsa ntchito chikondi cha Misa pofufuza, wothandiza L kugwira Higuchi wa ku kampani ya Yotsuba, amene pa nthawiyo ankapha anthu ndi kopelo. Ena amati apa pakuonetsa kuti kopelo ndilo linamuipitsa. Ine ndimaona mbali ina: amene anakonza kuiwalako ndi Light yemweyo, ndipo ankadzidziwa bwino moti anawerengeratu kuti ubwino wake womwewo udzamubweretsa pa kopelo. Atangoligwira n'kukumbukira zonse, sanazengereze. Anapha Higuchi ndi kachidutswa ka pepala la m'kopelo kamene anabisa mu wotchi yake, L ali naye pafupi mu helikopita.