Timanambala ta pa mapu akale a mtsinje wa Shire

Munthu akandibweretsera mapu akale a mtsinje, maso ake amathamangira ku mayina: Port Herald, Elephant Marsh, Murchison Cataracts. Ine ndimayamba ndi timanambala tolembedwa m'kati mwa mtsinjemo, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo. Timeneti n'kuya kwa madzi. Amalinyero ankaponya chingwe cha mtovu kunsonga, kapena kuzika mtengo wautali, n'kulemba mafiti amene apeza. Mapu otere ankajambulidwa kuti sitima isatitimire mumchenga.

Vutoli David Livingstone analidziwa bwino. Mu 1858 sitima yake ya Ma Robert inalephera kudutsa mathithi a Kebrabasa pa Zambezi, pomwe lero pali damu la Cahora Bassa. Anakhotera ku Shire mu 1859, nako anakumana ndi mathithi ena, amene anawatcha dzina la Roderick Murchison wa bungwe la Royal Geographical Society. Mapu a ulendowo anatuluka ku London mu 1865, ojambulidwa ndi John Arrowsmith. Chimandiwawa n'chakuti opalasa mabwato, amene ankadziwa khwawa lililonse ndi kulozera azunguwo njira, mayina awo sapezeka pa pepalapo.

Mapu opanda chaka mukhoza kuwayerekeza zaka nokha. Onani kumathiriro a Zambezi. Ngati Chinde walembedwa ngati khomo la sitima, mapuwo ndi a pambuyo pa 1889, chaka chimene wofufuza malo wina, Daniel Rankin, anaonetsa kuti sitima zikhoza kulowera kumeneko. Njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, kukafika ku Blantyre ikutanthauza 1908 kapena mtsogolo mwake. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, ndi wa 1935.

Koma musakhulupirire kuti kuya kolembedwako ndi kwa nthawi zonse. Shire amasintha. Cha m'ma 1915 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti mchenga unatseka potulukira madzi, ndipo mtsinje sunayende bwino mpaka m'ma 1930. Nambala iliyonse imangonena za madzi a chaka chimene anayeza, n'chifukwa chake ofufuza za kusefukira kwa madzi ku Chigwa cha Shire ayenera kuwalemekeza mapuwa.

Nanga mapu akale enieni mungawadziwe bwanji? Yendetsani chala m'mphepete mwa pepala. Mapu osindikizidwa ndi chitsulo chozokota amasiya kamzere kolowa m'kati kuzungulira chithunzi chonse. Kope ya masiku ano ndi yosalala, ndipo pagalasi lokuza zinthu mumaona timadontho.

Mukakhala nawo kunyumba, chonde musawamate selotepi pong'ambika. Ndinalandirapo mapu ena omatidwa chotero: guluu anali atasanduka wofiirira, atadya inki pamalo pomwe panali dzina la Chiromo. Ayaleni osapinda pakati pa mapepala oyera, kutali ndi chinyezi, dzuwa ndi chiswe, kenako mukafunse malangizo kwa osunga zakale ku National Archives ku Zomba.