Mawu akuti "wovutika sasankha" andikwana: taonani za ku Armenia

Pa ntchito yanga yoyendetsa katundu wa chithandizo pali mawu amene ndatopa nawo. Munthu amabwera ndi thumba la zovala zong'ambika, nsapato ya phazi limodzi, ndi mabotolo a mankhwala amene anatsala agogo atamwalira. Ukamuuza kuti izi sitingatumize, amakuyang'ana ngati wamutukwana pagulu. "Wovutika sasankha," amatero. Pepani akuluakulu, wovutika amasankha, ndipo amene amadziwa bwino chimene chikusowa m'nyumba mwake ndi iyeyo, osati inu kapena ine.

Achinyamata ongoyamba ntchitoyi ndimawayambitsa ndi nkhani ya Armenia, dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni kumapiri a Caucasus. Pa 7 December 1988 chivomerezi chinagwetsa tauni ya Spitak ndi mbali yaikulu ya mzinda wa Leninakan, umene lero ndi Gyumri. Chinachitika 11 koloko ya m'mawa itadutsa, ana ali m'kalasi. Anafa anthu pafupifupi 25,000, ndipo pafupifupi theka la miliyoni anatsala opanda pogona m'nyengo yachisanu. Dziko lonse lapansi linamva chisoni, ndege zinatera motsatizana. Mankhwala ndi zipangizo zachipatala zokha zinafika matani 5,000. Anthu 50 anatha miyezi isanu ndi umodzi akungosanthula kuti adziwe chimene chabwera. Pa 100 alionse, 8 anafika atatha kale ntchito, 4 anaonongeka ndi chisanu. Ambiri anali ndi dzina la malonda lokha, moti dokotala wa kumeneko sakanadziwa kuti m'botolomo muli chiyani. Ameneyo ndi dokotala amene anafunika kukhala pambali pa wovulala, koma anali m'nyumba yosungira katundu akuwerenga zikuto. Nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene bungwe la WHO linatchula polemba malangizo a kaperekedwe ka mankhwala mu 1996.

Komabe chimene chimandisowetsa tulo si mankhwalawo ayi. Ndi domik.

Domik ndi kanyumba kachitsulo kapena kamatabwa, kambiri kongokhala ngati kontena, kamene anapatsidwa anthu kuti adikiriremo. Boma la Soviet Union, mgwirizano wa maiko umene Armenia inalimo nthawiyo, linalonjeza kuti m'zaka ziwiri mizinda ikhala itamangidwanso. Mu 1991 Soviet Union inagawikana, omanga ochokera m'maiko ena a mgwirizanowo anabwerera kwawo, nyumba zinatsala za theka. Nkhondo ya ku Nagorno-Karabakh, dera limene Aarmenia ndi dziko la Azerbaijan ankalimbirana, inali mkati, malo opangira magetsi a nyukiliya a Metsamor anali otseka kuyambira 1989 mpaka 1995, anthu anadula mitengo ya m'misewu kuti aothe moto. Zaka 30 chichitikireni chivomerezi, mabanja oposa 2,000 ku Gyumri anali akukhalabe m'madomik. Chitsulo chinachita dzimbiri, denga likudontha, pansi pali chinyontho, ambiri chimbudzi chili panja kumene kuzizira kumapitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Mwana anabadwira momwemo, anakulira momwemo, nayenso anaberekera momwemo.

Ndiye mvetserani pamene panavuta. Boma la Armenia linapereka nyumba kwa ambiri amene anali m'kaundula wa anthu ogwetsedwera nyumba mu 1988. Koma mwana wobadwa pambuyo pake amene wakwatira n'kukhala ndi banja lakelake, chivomerezi sichinamugwetsere nyumba, choncho m'kaundula mulibe. Amene anapatsidwa nyumba n'kuigulitsa chifukwa cha ngongole kapena matenda, naye watuluka. Anthu amenewa pa pepala si ovutika ndi chivomerezi, koma pa moyo ndi ovutika nacho. Bulangete lililonse limene analandira linali la mtima wabwino, sindikukana. Kungoti mabulangete a zaka 30 sanasamutse munthu mu domik. Amene asamutsa mabanja ndi amene anachita zinthu zosaoneka bwino pa chithunzi: kugula nyumba imodzi imodzi, kulemba mapepala a umwini, kenako kugwetsa domikyo kuti musalowenso banja lina.

Mu September 2023 zinabweranso mwa mtundu wina. Msewu wa Lachin, wolumikiza Armenia ndi Nagorno-Karabakh, utatsekedwa miyezi isanu ndi inayi, asilikali a Azerbaijan analanda Nagorno-Karabakh, ndipo Aarmenia oposa 100,000 anathawira ku Armenia m'masiku owerengeka, kudzera ku tauni ya Goris. Pa anthu 30 alionse a m'dzikomo, mmodzi anali wofika kumene. Ambiri anali alimi amene anasiya ng'ombe, minda ndi manda a makolo. Boma linapereka ndalama zokwana 100,000 dram (ndalama ya ku Armenia) kwa munthu aliyense kamodzi, kenako 50,000 dram pamwezi za lendi, magetsi ndi gasi. Taonani kuti linapereka ndalama, osati zitenje.

Chifukwa chake n'chosavuta kwa ife a ku Malawi amene katundu wathu amachita kudikira ku Beira ndi ku Nacala. Armenia nayo ilibe nyanja. Malire ake ndi Turkey anatsekedwa mu 1993, ndipo ambiri mwa katundu amadzera ku Georgia kapena ku Iran. Njira yochokera ku Russia imadzera pa Upper Lars, pa malire a Russia ndi Georgia, pamene chipale chikagwa magalimoto amaima masiku. Kontena ya zovala zakale imafuna ndalama ya sitima, ya doko, ya galimoto, ya nyumba yosungira, ya osanthula. Ikamafika, nyengo yozizira ili pakati kapena yatha. Chonsecho ku Yerevan, likulu la dzikolo, ku Gyumri, ngakhale ku Goris kuli misika ndi mabanki, ndipo jekete yogulidwa konko imadyetsanso wogulitsa. Mayi amene mwamupatsa ndalama adziwa yekha ngati mwezi uno n'kofunika nkhuni, lendi kapena mankhwala a shuga a apongozi ake. Zoti amwera mowa ndimazimva kwa anthu amene sanapiteko kukaona; ndipo lendi ku Yerevan inali itakwera kale kuyambira 2022, anthu ambiri a ku Russia atasamukirako, moti yoti aononge ndiye iti?

Za nthawi ndinene mosabisa. Thandizo la nyengo yozizira limakonzedwa dzuwa likuwala, mu August ndi September. Mukadikira kuti muone kaye chithunzi cha mwana akunjenjemera mu January, mwachedwa. Nkhuni zakwera mtengo, misewu ya kumidzi ya m'zigawo za Shirak ndi Lori yatsekeka ndi chipale, banja ladzipanikiza m'chipinda chimodzi chimene muli mbaula, ndipo mwana wayamba kale chifuwa chimene chingasanduke chibayo. Kuchedwa pa ntchito imeneyi kumathera kuchipatala.

Ndiyeno akathyali. Ngozi iliyonse ikachitika amatulukira pa Facebook ndi WhatsApp ndi chithunzi cha gogo akulira ndi nambala yoti mutumizepo. Ena amanyengerera ndi chipembedzo, ati thandizani Akhristu anzanu, popeza Armenia imadziwika kuti ndiyo inayamba kulandira Chikhristu monga chipembedzo cha dziko mu 301. Mbiriyo ndi yoona, koma si lisiti. Mabungwe odziwika alipo ndipo safuna mkhalapakati: Armenian General Benevolent Union (AGBU) inayamba mu 1906 ku Cairo, Armenian Relief Society mu 1910, Armenian Caritas ili ndi likulu ku Gyumri komweko, Children of Armenia Fund imakonza sukulu ndi zipatala za kumidzi, Armenian Red Cross ndi imene inali pa malire anthu akufika. Ngakhale aakuluwo afunseni. Pa nkhondo ya 2020 yolimbana ndi Azerbaijan, Hayastan All-Armenian Fund inapereka ku boma gawo lalikulu la ndalama zimene anthu anasonkha, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Armen Sarkissian, anachita kupempha lipoti la mmene zinagwirira ntchito. Ngati mtsogoleri wa dziko anafunsa, inu mukuchita manyazi ndi chiyani?

Funsani kuti bungwelo linalembetsedwa kuti, lipoti la ndalama la chaka chatha lili pati, ndiponso banja limene akulithandiza lero lidzakhala likudya chiyani thandizolo likadzatha. Woona amayankha mosavuta. Wabodza amapsa mtima, amakuuzani kuti nthawi yatha, tumizani lero lomwe, ndipo akaunti yake imakhala ya dzina la munthu. Ameneyo musatumizeko ngakhale tambala. Ndipo mankhwala otsala m'kabati mwanu, chonde, kawasiyeni ku famase kapena kuchipatala akawataye moyenera. Musawaike m'katoni yopita kwa munthu aliyense.