Makina Akati "Mulibe", Kodi Mulibedi?

Mukamva azaumoyo akunena kuti chipangizo chakuti chimapeza matenda mwa odwala 89 pa 100 alionse, dziwani kuti kawirikawiri nambalayo sichokera ku kafukufuku mmodzi. Mmodzi yekha amakhala ndi anthu ochepa, mwinanso a dera limodzi, choncho akatswiri amasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kuphatikiza zomwe wapeza.

Chipangizo choyezera chimaunikidwa mbali ziwiri. Pa anthu odwaladi, chimagwira angati? Pa anthu amene alibe matendawo, ndi angati amene chimawauza zoona kuti alibe? Mbali ziwirizi zimakokanakokana. Mukatsitsa mlingo woti munthu atchedwe wodwala, mugwira odwala ochuluka, koma athanzi ambiri muwanamiziranso matenda. N'chifukwa chake kuwerengera mbali iliyonse payokha kumasocheretsa, makamaka ngati ofufuza anagwiritsa ntchito milingo yosiyana. Akatswiri a kafukufuku, Rutter ndi Gatsonis mu 2001, kenako Reitsma ndi anzake mu 2005, anatulutsa njira zowerengera mbali zonse pamodzi, ndipo bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, limatsata njira zimenezi. Asanaphatikize amayamba asefa ndi ndondomeko ya QUADAS-2 ya mu 2011: odwala anasankhidwa bwanji, chipangizocho anachiyerekeza ndi chiyani. Kafukufuku wosalongosoka sakhala wabwino chifukwa choti wasakanizidwa ndi wina.

Taonani makina a Xpert MTB/RIF oyeza TB m'makhololo, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010. Mu 2014 a Cochrane anaphatikiza kafukufuku 27, wa anthu opitirira 9,500. Makinawa anapeza TB mwa odwala pafupifupi 89 pa 100, ndipo mwa opanda TB analondola pa 99 mwa 100. Nambala zosangalatsa ndithu. Koma atayang'ana magulu paokhapaokha zinasintha: mwa amene ali ndi HIV anagwira 79 okha, ndipo mwa amene makhololo awo sanaonetse tizilombo pa maikulosikopu, 67. Ndiye kuti m'gulu lomalizali, pa odwala atatu alionse mmodzi anauzidwa kuti alibe, TB ili m'chifuwa.

Ngati mwayezetsa n'kuuzidwa kuti mulibe TB koma mukutsokomolabe kupitirira milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku kapena thupi likutha, bwererani kuchipatala. Ngati muli ndi HIV, auzeni adokotala. Akhoza kuyezanso makhololo ena, kukujambulani chifuwa, kapena kutumiza makhololo ku labotale kuti akameretse tizilombo.