Yoga si mankhwala akale ochiza chilichonse

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kupindapinda thupi kwa yoga kunayamba zaka masauzande zapitazo, choncho kumachiza nthenda iliyonse. Sizili choncho.

Akatswiri owerenga zolemba za Chisanskriti, chinenero chakale cha ku India, amasonyeza kuti Yoga Sutra ya Patanjali (buku lakale lofotokoza za yoga), yokhala ndi mavesi pafupifupi 196, imakamba za kaikidwe ka thupi m'mavesi atatu okha, ndipo cholinga chake n'kukhala pansi mokhazikika posinkhasinkha. Zambiri zomwe zikuchitika mu yoga lero zinafala m'zaka za m'ma 1930 kudzera mwa mphunzitsi wa yoga Krishnamacharya ku Mysore, m'dziko la India.

Phindu la yoga pa thanzi lilipo ndithu, koma ndi lochepa. Kauniuni wa mu 2017 wa Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anapeza kuti yoga imathandizako pang'ono anthu amene msana umawapweteka kwa nthawi yaitali, poyerekeza ndi osachita zolimbitsa thupi. Chovuta n'chakuti ochita nawo kafukufuku amadziwa kuti akuchita yoga, ndiye chiyembekezo chawo chimasokoneza zotsatira.

Wodwala matenda a maso otchedwa glaucoma asazondoke mutu pansi, chifukwa mphamvu ya madzi m'diso imakwera. Wofooka mafupa asakakamize msana kupindika powerama, mafupa a msana angaphwanyike.